Magemu 9,999 a Bambo Chikaonda

Chaka chimene ofesi yawo inasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku likulu, a Lawford Chikaonda anapatsidwa nyumba ku Area 47. Nyumba inali yabwino, koma mwana wawo Jenifa, wa zaka khumi, anasiya kuseka. Anzake onse anatsala ku Zomba, ndipo kuno ana ankangokhala m'mipanda ngati nkhunda zam'khola.

Loweruka lina a Chikaonda ndi akazi awo, Naphiri, analowa m'sitolo ina ku Area 1. Maso a bambowo anagwera pa katoni yonyezimira ya gemu yolumikiza ku TV. Panali ndege, asilikali, galimoto zampikisano, ndi malemba ofiira psuu: magemu 9,999.

"Ayiyatse kaye tiione," anatero Naphiri.

"Mukukayikira chiyani? Werengani nokha apa," anayankha a Chikaonda, katoni ili kale m'khwapa.

Anauza Jenifa kuti aitane ana a mumsewu wawo Lamulungu masana. Anabwera asanu, atasamba, atatchena.

Gemu yoyamba inali ya kamunthu kopanda nkhope kothamangira kukhoma. Yachiwiri inali ya kamunthu komweko, kungoti thambo linali lobiriwira. Ya nambala 500, kamunthu komweko, koma chozondoka.

"Ankolo, ndege zija zili kuti?" anafunsa mtsikana wina, Eneless.

"Zili kutsogoloku, fatsani."

A Chikaonda anadina mpaka chala chinachita thuza. Akadina kumanja, kamunthu kankalowera kumanzere. Anatsegula kabuku ka malangizo, koma zilembo zake sanadziwe n'komwe kuti kumutu n'kuti. Kodi alakwitsa mawaya? Kodi vuto ndi TV? Kapena ndi iwowo, munthu woti amalembera boma malipoti? Thukuta linali kamukamu. Kenako chithunzi chinangouma gwa, kabokosi ka gemuyo n'kuyamba kununkha pulasitiki wopsa.

Ana anatuluka mmodzimmodzi, akuseka cham'munsi. Jenifa anakadzitsekera kuchipinda, ndipo bambo ake atagogoda anangomva kuti, "Adadi, mawa kusukulu ndikanena chiyani?"

Lolemba a Chikaonda anabwerera kusitolo kuja. Mwini wake, a Zikhale, anatembenuza kabokosiko uku ndi uku, nawonso atasokonezeka.

"Bwana, kunena zoona, ine sindinayiyatsepo. Ndinakopeka ndi katoni ngati inu nomwe."

A Chikaonda anangotuluka m'sitolomo. Akulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.