Tsiku Limene Chakka Chinandimanga Manja

Ine Kunjappan ndadya chakka, chipatso chachikulu cha kwathu kuno, kuyambira ndili wosavala, koma nthawi zonse chimandipeza chili kale m'mbale, chachikasu, fungo lokoma lili guu. Mmene chimatulukira m'chikopa chake chaminga chija, inali nkhani ya kukhitchini.

Tsiku limene akuchimuna ankabwera kudzaona mwana wathu Revathi, mkazi wanga anali yakaliyakali ndi tiyi. Chakka chachikulu ngati mwana wa mbuzi chinali gone pakhonde.

"Bambo a Revathi, chisiyeni icho! Ndikubwera ndi mafuta a kokonati."

"Mafuta? Tikukazinga nsomba kodi? Iwe samala tiyi wakoyo."

Dalaivala wa basi, woti ndazungulira chigawo chathu chonse cha Kerala, ndizifunsa mkazi kuti mafutawo ngachiyani? Ndinachitema ndi chikwanje. Utomoni woyera unayamba kuchucha. Ndinagwira, dzanja linamata. Ndinapukutira pansalu yanga yoyera yovala m'chiuno kukabwera alendo, nsalu inamata. Ntchentche inatera pamphuno, poiingitsa chala chinakakwatirana ndi ndevu.

Pomwepo galimoto inaima pachipata. Anatsika a Velayudhan, amalume a mnyamata wofuna Revathiyo, mkulu woti anakanapo kale atsikana atatu, wina chifukwa choti galu wa kwawo anauwa mwamwano. Ndinazula chala, ndevu zina zinatsagana nacho, ndipo ndinaphatikiza manja pachifuwa kuwalonjera. Iwonso anaphatikiza awo, kenaka n'kutsitsa. Anga anakana.

"Asewele, ulemu wakwana," anatero a Velayudhan. "Kapena mukupempherera mvula?"

"Kwathu kuno timalonjera nthawi yaitali," ndinayankha, thukuta lili kamukamu. Ukwati wa mwana wanga ndinauona ukuthera pakhonde pomwepo.

Revathi anatuluka ndi kabotolo ka mafuta, osaseka, osakalipa.

"Bambo, tambasulani manja. Ayi, pepani, khalani choncho."

Anathira, natikita, mpaka manja anasudzulana. Kenaka anadzola m'manja mwake, nadzoza mpeni, n'kung'amba chipatsocho ngati akutsegula kalata. Minofu yonse m'mbale, nthanga pambali, chala chake osamata n'chimodzi chomwe.

A Velayudhan anatafuna umodzi pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

"Mtsikana woti akutha kulera bambo uyu," anatero, "wathu uja sangamuvute. Ife tatola."

Mwana anakwatiwa ndi nzeru zake, za bambo ake zinatsala pansalu. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Uyo bola anangodya. Ine ndinachita kudzola thupi lonse.