Mayi wa Lipenga Akana Kuzulidwa Dzino

Panali mayi wina amene ankagwira ntchito pa fakitale yosoka mayunifolomu. Lamulungu ankaliza lipenga kutchalitchi, ndipo m'moyo mwake munalibe china chimene ankachikonda kuposa pamenepo. Tsono lipenga limatsamira pa mano akutsogolo. Dzino limodzi lokha likachoka, mpweya umathawira pambali, lipenga n'kumalira ngati mbuzi yachimfine.

Chaka china abwana anabweretsa inshulansi ya mano ya mitundu iwiri. Yaing'ono inkadula pang'ono pa malipiro, koma inkalipira kuzula basi. Yaikulu inkadula mowawa, koma inkalipira kutsuka mano, kumata obooka, ndi kukonza othyoka.

Pa fakitalepo zinthu zinkayenda chonchi: kapitawo akakweza dzanja, manja onse m'mwamba. Tsiku losankha, kapitawo anati, "Dzino likawawa amazula, nkhani yatha. Ofuna yaing'ono?" Manja onse anakwera, kupatula la mayi uja.

"Mayi, dzanjalo ladwala?" anafunsa kapitawo.

"Ayi bambo, lili bwinobwino. Ine ndilembeni yaikulu."

Aa, chipinda chonse chinafa ndi kuseka. Kuyambira tsiku limenelo ankamutchula kuti Namanoagolide. Mwezi ukatha anzake ankagula zitenje zatsopano, iye n'kumavala chomwe chija chosuluka. Tisaname, zinkamuwawa, ndipo masiku ena ankalira yekha. Koma kubwerera m'mbuyo, toto.

Tsiku lina minibasi imene anakwera inaima mwadzidzidzi, iye n'kumenyetsa pakamwa pa chitsulo cha mpando. Dzino lakutsogolo linathyoka pakati. Anapita kuchipatala atagwira kukamwa, akuganiza za lipenga lake.

Dokotala wa mano anangoona yunifolomu imene mayiyo anavala. Anthu a pa fakitale ija anali atawazolowera, poti aliyense ankabwera kudzazula. Sanafunse n'komwe za inshulansi. Anatenga jekeseni ndi chozulira, nati, "Ndinu a kufakitale eti? Yasamulani, sitichedwa."

Mayi uja anatseka pakamwa.

"Mayi, kunja kuli mzere. Yasamulani."

Anayankha mano ali chilumire: "Adokotala, ine sindinabwere kudzazula. Ikani pansi chitsulocho, muone kaye khadi langa la inshulansi."

Dokotala ananyinyirika, chifukwa kukonza dzino kumadya nthawi, pamene kuzula n'kwa kanthawi kochepa. Anamuuza kuti lothyoka chonchi ambiri amangochotsa. Mayiyo anapinda manja pachifuwa, nati, "Ambiriwo si ine. Ngati lero mulibe nthawi, ndibwera mawa. Koma dzino ili lituluka muno lili m'kamwa mwanga."

Dokotala anayang'ana khadi lija, anayang'ana mayiyo, n'kuika chozulira pansi. Analikonza dzinolo mpaka linakhala ngati silinathyokepo. Mayiyo akanangoyasamula mwaulemu monga anatiphunzitsira, bwenzi lipenga lake akuliza munthu wina lero.

Tsono inu ana anga amene mwangoyamba kumene ntchito, ndimvereni. Mawa a inshulansi akubwera kuntchito kuno, ndipo adzalankhula mokoma, tayi ali pakhosi. Musachite manyazi. Afunseni kuti, kodi iyi imalipira chiyani dzino langa lisanafe? Imamata? Imatsuka? Mwana wanga alimo? Ndidikira mpaka liti isanayambe kugwira ntchito? Akazemba, funsaninso. Ngati thumba lanu likungokwanitsa yaing'ono, tengani yaing'onoyo mutu uli m'mwamba, koma mukudziwa chimene mwagula, osati chifukwa wokhala pambali panu wasankha yomweyo.

Ine chimandipsetsa mtima ndi ichi: ndani analamula kuti mankhwala a dzino la munthu wosauka ndi kuzula? Tazulidwa mokwanira ife. Taonani m'kamwa mwangamu, mwatsala mano ochepa, ndipo onse amene anapita ndinawapereka ndekha, ndikuthokoza. Inu musatero. Munthu akabwera ndi chitsulo asanakufunseni kanthu, tsekani pakamwa mpaka afunse, chifukwa dzino la munthu wamkulu likachoka silimeranso.