Mkamwini Amene Anapala Khoma la Apongozi

Kalekale, ana inu, agogo a agogo anu asanamere ndi mano omwe, pamudzi wina panali mayi dzina lake Nangondo. Mayiyu anali ndi dimba m'mbali mwa dambo, ndipo phwetekere wake ankadziwika mpaka kutsidya. Anali wamng'ono, wofiira psuu, wotsekemera. Mbewu yake anamusiyira ndi malemu amayi ake, ndipo panalibenso wina amene anali nayo.

Nangondo sankasankha mbewu mwachisawawa. Phwetekere akayamba kupsa, ankayenda m'dimba monse kufuna tsinde lamphamvu, lopanda matenda, n'kulimangirira kansanza. Za patsinde limenelo palibe ankadya. Zikapsa ndithu ankazifinya n'kupaka njere zake pakhoma la khitchini, kuti ziume ndi utsi, zidikire chaka chamawa.

Tsono mwana wake, Tiyesere, anakwatiwa. Mwamuna wake Gwedeza anabwera kudzakhala chikamwini, mvula ikupita kumapeto. Anali munthu wakhama, koma khama lake linkathamanga kusiya nzeru m'mbuyo. Ineyo ndimamukonda Gwedeza, chifukwa nanenso ukamwini ndinaulawa. Ndipo mukudziwa mwambo wake: mkamwini ndi apongozi aakazi sankayankhulana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Mawu onse ankadzera mwa Tiyesere.

Tsiku lina amayi onse anapita ku ukwati kumudzi wina. Gwedeza anasuzumira m'khitchini, naona khoma lili mathothomathotho.

"Apongozi anga akhale ndi khoma lauve chonchi, ine ndili pano?" anatero yekhayekha.

Anatenga khasu. Anapala, anapala, anapala. Dothi lopalalo anakalitaya kudzala. Kenako anaponda matope n'kumata khoma lonse, likuchita kusalala. Atatha anakhala pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, kudikira kuyamikiridwa.

Madzulo Nangondo analowa m'khitchini. Anatuluka atagwira mutu, nayang'ana kumbali.

"Tiyesere, uwafunse amuna ako. Phwetekere wa mayi anga ali kuti?"

"Akuti phwetekere wa agogo ali kuti?" anatero Tiyesere, ngakhale Gwedeza anali pomwepo, makutu ali bwinobwino.

"Uwauze kuti sindinaone phwetekere. Ndangochotsa zonyansa pakhoma."

Nangondo analira, ana inu, analira ngati amayi ake amwaliranso kachiwiri. Atapukuta misozi anati, "Uwauze kuti nthawi yofesa yakwana. Mbewu imeneyi ikatha pamudzi pano, iwonso anyamule kamphasa kawo."

Gwedeza ankamukonda Tiyesere, ndipo kubwerera kwawo ndi kamphasa kunkhwapa sankakufuna. Anathamangira kudzala kuja. Anapeza nkhuku zafika kale, zikupalasa mosangalala ngati zaitanidwa. Anazipirikitsa, nagwada, nawola dothi lonse ndi manja mpaka dengu linadzaza.

M'mawa mwake anapita kudimba. Anagaula nazale, anathira manyowa, anamwaza dothi lija n'kuphimba ndi udzu. M'mawa kuthirira, madzulo kuthirira. M'mawa kuthirira, madzulo kuthirira. Anthu odutsa ankamuseka.

"A Gwedeza, mwadzala khoma? Likamera mutigawireko nyumba."

Iye ankangothirirabe. Tsiku lachitatu, palibe. Lachisanu, palibe. Lachisanu ndi chiwiri anavundukula udzu, ndipo taonani, timasamba tiwiritiwiri tili biriwiri! Gwedeza anavina pamenepo yekha mpaka anaterera n'kugwera m'chitsime cha m'dimba. Anafika kumudzi ali chonyowa, akuseka.

"Tiyesere, uwauze amayi kuti khoma lamera."

Nangondo anapita kukaona. Anawerama, anagwira kambande kamodzi n'kununkhiza chala. Kukamwa kunkafuna kumwetulira, koma anakugwira.

"Uwauze kuti kumera si kubereka."

Gwedeza anawokera mbande zija m'mizere. Anazika timitengo, anapalira, anathirira. Phwetekere anabereka mpaka nthambi kugwa pansi, yemwe uja, wofiira psuu. Amene ankaseka aja anayamba kubwera ndi timadengu, akuti angodutsa kudzapereka moni.

Phwetekere atayamba kupsa, Nangondo anabwera ndi nsanza zake. Gwedeza atamuona anafuna kupatukira kutchire monga mwa masiku onse. Tiyesere anali atapita kumtondo, ndiye wopereka mawu panalibe.

"Bambo," anatero Nangondo, "musathawe. Bwerani kuno."

Gwedeza anacheuka kuona ngati kumbuyo kuli bambo wina. Munalibe munthu. Anayandikira, ndipo Nangondo anamupatsa kansanza m'manja.

"Sankhani ndinu. Musayang'ane chipatso chachikulu, yang'anani tsinde lathanzi. Chaka chamawa chimayambira pamenepo."

Gwedeza anasankha, namanga. Zitapsa anafinyira limodzi. Theka la njere analipaka m'khitchini mwa Nangondo, theka m'khitchini mwa Tiyesere, kuti khoma limodzi likapalidwa, linzake litsale.

Atatha kupaka, Nangondo analoza mathotho aja. "Nanga zonyansazi, bambo, muchotsa liti?"

"Amayi," anatero Gwedeza, "munthu wokhudza khoma ili ayambe wandipala ine."

Nangondo anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kamphasa ka Gwedeza kanakalambira pamudzi pomwepo.

Nthano yanga yafika pothera, nkhuni nazo zanyeka. Musanachotse chimene simukuchidziwa yambani mwafunsa, pakuti safunsa anadya phula.