Diso Lamanzere la Malume

Kapu ya tiyi ndi kanthu kochepa, koma m'khitchini mwa a Cathy ku Romford, tauni ya ku London, inangotsala pang'ono kuthetsa ukwati usanayambe n'komwe.

A Cathy ndi namwino pachipatala chachikulu cha m'tauniyo, ndipo mwana wawo Mwayiwathu anakulira ku London konko. Mtsikanayu atapeza mwamuna womukonda, Chabala, mnyamata wa ku Lusaka woyendetsa basi ku Tottenham, mayi ake sanafune kuti abale kumudzi adzanene kuti mwana anangoperekedwa kunja mwachisawawa. Anatumiza tikiti kwa mlongo wawo wamng'ono, a Shadrick, amene amakhala ku Kasungu. Iwowa ndiwo mwinimbumba. Popanda mawu awo chinkhoswe sichikanachitika, ndipo akwawo kwa Chabala anali tcheru ku Tottenham kudikira kuti auzidwe tsiku lobwera kudzaonekera.

Tsiku lokumana ndi malume, Chabala anakonzeka ngati wokafunsira ntchito. Anavala jekete, anavula chipewa ali pakhomo, ndipo tiyi atapsa anadzipereka kuti akapereke yekha. Ulemu wonse unalipo: bondo pansi, maso pansi, dzanja lina litagwira chigongono cha linzake. Kungoti zonsezo zinali zotembenuza. Kapu inali m'dzanja lamanzere.

A Shadrick anaiyang'ana kapuyo ngati mwagwera ntchentche.

"Ika patebulopo," anatero, ndipo tiyiyo anazizirira pomwepo.

Mnyamata atatsanzika, mlandu unayamba.

"Achemwali, mnyamata ameneyu analeredwa ndi anthu? Dzanja la kuchimbudzi n'kumapatsira munthu wamkulu?"

"Ndi wamanzere, achimwene. Anabadwa choncho."

"Tonsefe timabadwa osavala, koma timavala. Munthu amene walephera kulamula dzanja lake lomwe angalamule khomo? Ine mwana wanga sindingamupereke kumeneko."

"Ankolo, ndi dzanja basi," anatero Mwayiwathu m'Chichewa chake chotsimphina. Atangoona kuti misozi ikubwera anakwera m'chipinda chake, ndipo madzulo amenewo sanadye.

Masiku anayamba kuthamanga. Ndege ya malume inali ya Lamulungu, ndipo mawu awo anali atakhala pakamwa ngati chitseko chokhoma. Chabala ankabwera tsiku lililonse akaweruka, dzanja lamanzere litatsekeredwa m'thumba la buluku ngati lili ndi mlandu kupolisi. Lamanja lija linkayesetsa, koma ntchito silinkaidziwa. Linaswa mbale, linathira shuga patebulo, ndipo a Shadrick ankangogwedeza mutu, nkhope ikunena kuti ndimanena ine.

Panali nkhani imodzi yokha imene inkawamasula malume, ndiyo ya mfuti. Paunyamata wawo anagwirapo ntchito yolondera chimanga pa esiteti ina, ndipo akayamba kusimba za nguluwe zimene anakumana nazo, tiyi ankazizira kachiwiri. A Cathy ankamvetsera akupukuta mbale. Ankakumbukira bwino kuti pazaka zonsezo nyama ya nguluwe sinalowepo m'nyumba mwawo. Tsiku lina inali mphepo, tsiku lina mfuti inali yokhota, tsiku lina nguluweyo inali yokhwima.

Chabala, amene mbiri imeneyi sankaidziwa, anaona ngati wapeza khomo lolowera.

"Ba ankolo, namvela ati ndimwe bakaswili pa mfuti," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Manje napeza malo kufupi na Greenwich kwamene bamalola balendo kushuta mukati mwa nyumba. Tiyende pa Chisanu mukatilangizeko."

Kwa nthawi yoyamba a Shadrick anamuyang'ana kumaso.

"Mfuti m'nyumba? Azungu ali ndi masewera. Chabwino, tikaona."

Lachisanu a Cathy anasinthana shifiti ndi mnzawo, ndipo anapita onse anayi. Malowo anali kunsi kwa njanji, chipinda chachitali chopanda mazenera, chonunkha mafuta a makina. Sitima ikamadutsa pamwamba, denga linkanjenjemera. Kutsogolo kwenikweni kunali mapepala olendewera, lililonse lili ndi mizere yozungulira ndi kadontho kakuda pakati. Mlangizi wawo anali mayi wamfupi wa imvi zometa, dzina lake Beatrice, woseka msanga koma wa maso osagona. Anawaveka magalasi ndi zotchinga m'makutu, n'kuwauza malamulo m'Chingerezi: mfuti iyang'ane kutsogolo nthawi zonse, chala chisakhudze kachitsulo kowombera munthu asanauzidwe, ndipo iye akati imani, aliyense aime.

A Shadrick ankavomera lamulo lililonse lisanathe kunenedwa, monga achitira munthu amene akuphunzitsidwa nyimbo yoti anapeka yekha.

"Tisanayambe, ndione maso anu," anatero Beatrice. "Tambasulani mikono, mupange kabowo ndi manja anu, muyang'ane wotchi ili pakhomayo kudzera pakabowopo. Mwaiona? Tsopano tsekani diso lamanja."

Kwa a Shadrick wotchi inali pomwepo, phee.

"Tsegulani, mutseke lamanzere."

Apa panavuta. Diso lamanzere linakana kutsinzina lokha, likati litseke ndiye kuti onse awiri atseka. Beatrice analiphimba ndi kakatoni, ndipo wotchi ija inathawa pakabowo n'kukabisala kuseri kwa chala.

"Ndinaganiza choncho," anatero mlangiziyo mokondwa. "Bambo, diso lanu lolamula ndi lamanzere. Lamanjali limangoperekeza. Inuyo mfuti muiike paphewa lamanzere."

Mwayiwathu anayang'ana denga. Chabala anayang'ana nsapato zake.

"Mayi," anatero a Shadrick m'Chingerezi chawo cha tsiku la Sabata, "ine ndinayamba kugwira mfuti inu musanabadwe. Kwathu mwamuna amawombera kumanja."

"Mukhoza kuyesa," anayankha Beatrice. "Koma ndikhala pambali panu."

Aliyense anaima pamalo pake. Mfutizo zinali zopepuka, za tizipolopolo tating'ono. Chabala anayamba kuitengera yake kumanzere monga thupi lake linkafunira, koma ataponya diso kwa malume anaisamutsira kumanja msangamsanga. Beatrice anamuyang'ana modabwa, iye n'kumupempha ndi maso kuti asanene kanthu.

Kuwombera kunayamba. A Cathy, amene manja awo anazolowera kupeza mtsempha wa khanda ndi singano, anachita zimene anauzidwa: kupuma, kutulutsa mpweya pang'ono, kukoka pang'onopang'ono. Mwayiwathu ankatsinzina mfuti ikalira, kenako n'kuseka. A Shadrick anaika tsinde la mfuti paphewa lamanja, koma diso lamanzere silinalole kulandidwa udindo. Khosi linatambasuka lokha, mutu unadutsa pamwamba pa mfuti, mpaka munthu wamkuluyo anapindika ngati akusuzumira mumphika wa eni. Ankawombera mwachangu ndi molimba mtima, akuliza lilime pa chipolopolo chilichonse.

"Imani," anatero Beatrice. Mfuti zinaikidwa pansi, ndipo mapepala aja anabwera okha pa waya.

La Mwayiwathu linali ndi mabowo omwazikana ngati mapazi a nkhuku. La Chabala linali ndi awiri m'mphepete, enawo osadziwika kumene anapita. La a Shadrick linabwera loyera, loti akanatha kulibweza kusitolo. Koma la a Cathy, amene anaima kumanzere kwa mlongo wawo, linali ndi mabowo ochuluka kuposa zipolopolo zimene anapatsidwa.

A Cathy analiyang'ana pepalalo kwa kanthawi.

"Zikomo achimwene pondipatsirako ndiwo," anatero.

"Mfuti iyi ndi yokhota."

"Ngati ya ku esiteti ija?"

Beatrice anali wosaseka tsopano. "Bambo, chipolopolo chikasochera muno si nkhani yanthabwala. Sindingakulolezeni kuwombera mutapinda khosi chotero. Musinthe phewa, apo ayi mukhale pabenchi apo muzionerera anzanu."

Benchiyo inali kumbuyo, pafupi ndi pokolekera majekete. A Shadrick anaiyang'ana, ndipo manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Mlenje wa ku Kasungu akakhale pabenchi, akazi awiri ndi mkamwini wosweratu mbale akuwombera? Komabe anaika magalasi pansi n'kuyamba kutembenuka, chifukwa munthu wamakani amasankha kugona ndi njala kusiyana n'kuvomera kuti mchere anathira ndi iye.

A Cathy anawagwira mkono. Anawagwira wamanzere.

"Achimwene, kodi mwaiwaladi, kapena mukungofuna kuiwala?" Analankhula motsitsa mawu, atasendeza chotchinga kukhutu kwa mlongo wawoyo. "Dzanja ili amayi ankalimanga ndi duku lawo nthawi yakudya, kuti muzolowere linalo. Ine ndi amene ndinkatumidwa kukatenga dukulo. Munkalira mpaka kugona osadya. Mutayamba sukulu, rula ya aphunzitsi inamaliza ntchito. Inu munabadwa wamanzere, Shadi. Dzanja analigonjetsa, koma diso panalibe pomangira duku."

A Shadrick anatambasula dzanjalo n'kuliyang'ana ngati m'bale amene anasowa kalekale. Anakumbukira duku lofiira la madontho oyera, ndi mfundo yake yoluma pamkono, ndipo chifundo chinawagwira pa kamwana kaja kamene kankagona ndi njala popanda kulakwa.

"Ndinkayesa ndinangolota," anatero pomaliza. Kenako anakonza pakhosi, n'kuvalanso magalasi. "Ndiyesa kamodzi, kungofuna kuwasonyeza mayiwa kuti n'zopanda pake."

Beatrice anawaikira pepala latsopano ndi kuwaimika bwino. Tsinde la mfuti litakhudza phewa lamanzere, linakhazikika ngati mwana wabwerera pamsana pa mayi ake. Tsaya linapeza malo ake lokha, khosi linawongoka, ndipo kadontho kakuda kaja, kamene moyo wawo wonse kankavina, kanaima chilili. Anapuma monga anauzidwa, n'kukoka pang'onopang'ono. Anabwerezanso mpaka zipolopolo zinatha.

Pepala litabwera, mabowo onse anali ataunjikana pakati, moti chikhatho chimodzi chikanawaphimba. Beatrice anawomba m'manja. A Shadrick anayamba kuseka, kuseka kwa pansi pa mtima kumene a Cathy anali asanakumve chichokere kumudzi, mpaka anachotsa magalasi kuti apukute misozi.

"Achemwali, ndiye kuti nguluwe zija..."

"Zinafa ndi ukalamba, achimwene. Zina mwina zikadali moyo, zikukufunirani mafuno abwino."

Malume anatembenukira kwa Chabala, amene anali ataima chapatali, dzanja lamanzere litabwerera m'thumba.

"Iwe, pepala lako lija ndaliona. Ukundinyengerera eti? Tulutsa dzanja limenelo, usinthe phewa. Tisachititse manyazi banja pamaso pa azungu."

"Ba ankolo, simuzakalipa?"

"Ndikalipire ndani? Ndiyambire pa diso langa?"

Chabala anasintha phewa, ndipo mpikisano umene unatsatira unali woopsa. Amuna awiriwo anawombera moyandikana, onse kumanzere, akunyozana ngati anakulira limodzi. Amene anapambana sakudziwika mpaka lero, chifukwa aliyense amasimba zake. Pobwerera anakwera boti la pamtsinje wodutsa mu London, ndipo a Shadrick anakhala atakumbatira pepala lawo pachifuwa kuti lisanyowe, akulionetsa kwa mlendo aliyense amene analakwitsa n'kuwayang'ana.

Atafika ku Romford, Mwayiwathu anatereka tiyi, mtima uli m'mwamba, poti mawu enieni aja anali asananenedwebe. Chabala ananyamula kapu ya malume ndi dzanja lamanja, n'kumayenda pang'onopang'ono, tiyi akutayikira m'kambale ka pansi pa kapuyo. Atagwada, kapuyo inkagogoda ngati mano a munthu wamalungo.

"Iwe mwana, ufuna unditenthe ndisanavine pachinkhoswe?" anatero a Shadrick. "Pereka ndi dzanja lako lenileni."

Chabala anasamutsira kapu kumanzere, ndipo inaleka kugogoda. Malume anailandira ndi manja awiri, anamwa, n'kupukuta pakamwa.

"Ukawauze akwanu abwere mawa. Ndege yanga ndi ya mkuja, ndipo ndikufuna ndikafike kumudzi ndi tsiku m'thumba."

Mwayiwathu anaiwala Chichewa chonse chimene ankadziwa, anangowakumbatira malume akewo mpaka tiyi anatayikira pa buluku. A Cathy anatembenukira kusinki kuti asaoneke kuti akulira, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

A Shadrick anabwera ku London uta uli wokokakoka, atatsimikiza kulasa chilema chimene anachiona mwa mwana wa eni. Pofuna kuponya muvi anapeza kuti chimene ankachisakacho chakhala pa iwo eni, pankhope pawo pomwe, ndipo mlandu unathera pomwepo. Akuluakulu sananame pamene anati mbalame ikatera pauta silasika.