Madzi a ku Chipata

Chaka chimenecho mvula inachedwa kwa Mavwere. Disembala analowa kumwamba kuli mbee, mbande za fodya pa nazale ya Cyprian zitayamba kukalamba. Mkazi wake Rozi ankazithirira m'mawa ndi madzulo, kheni m'manja, nyimbo pakamwa. Onse awiri ankadziwa kuti akaphonya mvula yoyamba yowokera, chaka chonse chapita.

Cyprian sanali munthu woipa, kungoti mutu wake unali wouma ngati chitsa. Atamva kuti ku Chipata kwafika mneneri wopempherera madzi, tulo tinamuthawa.

"Mulungu wasamuka kuno," anatero akupopa njinga. "Ndikatenge madzi odalitsa. Mbande zanga musazikhudze mpaka ndidzawaze m'munda."

"Bambo a Takondwa, asamuke kupita kuti? Nanga wasunga madzi m'chitsime cha kudimba miyezi yonseyi ndani?"

"Zimenezo n'zachizimayi."

Anapita. Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, kumwamba kunada bii, mvula inakhuthuka mpaka nthaka inakhuta. Rozi anaima pakhonde mtima uli pawiri. Kuswa mawu a mwamuna si chinthu chapafupi, koma chinyezi sichidikira munthu. Anapemphera mawu ochepa, nathamangira kwa a Keziya, wapampando wa mphakati wawo wa kutchalitchi.

"Amayi, munda ndi maekala awiri ndipo ndili ndekha."

"Wekha bwanji? Ife tafa?"

M'mawa mwake kunafika anthu khumi, ena kuzula mbande, ena kusenza m'madengu, ena kuwokera. Nyimbo za Khirisimasi zimene kwaya inkayenera kukaphunzira kutchalitchi inaziphunzirira m'mizere, matope m'maondo. Masiku awiri okha munda unatha. Ine ndimamunyadira Rozi ameneyu, ndipo sindibisa.

Cyprian za mvulayo anazimva ali pa mzere wa anthu mazanamazana, koma kubwerera chimanjamanja kunamuchititsa manyazi. Anadikirabe. Anafika kwawo kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, atatuwa, chigubu pa kaliyala, akudziwa kuti chinyezi chatha. Kunyumba sanalowe, analunjika kumunda kukalira.

Anapeza fodya atagwira, ataima njo kuyambira kumtunda mpaka kudambo. Rozi anali pakati pake akupalira.

"Wawokera ndani?"

"Amene munakamufuna ku Chipata uja. Anafika inu mutangochoka, ndipo anabwera ndi manja makumi awiri."

Cyprian anakhala pansi pamzere, navula chipewa.

"Nanga madziwa nditani nawo?"

"Sambani kumaso, bambo. Mawa kuli Misa."

Pa Misa ya Khirisimasi, atamva kuti Mwanayo dzina lake ndi Emanuele, Mulungu ali nafe, misozi inamugwa pamaso pa anthu, ndipo sanaipukute. Potuluka anagwira chanza a mphakati mmodzimmodzi, akuuza aliyense kuti fodya wa chaka chino si wake, ndi wa Rozi.

Akuluakulu sananame: chakudza sichiimba ng'oma.