Nangondo Wosunga Mbewu za Mudzi

Kalekale, anthu akadadalira mapira, m'mudzi wina munali mwambo. Akakolola, banja lililonse linkapatula mbewu, n'kuzithira mumtsuko, n'kumata pakamwa ndi dongo. Mitsukoyo ankaisungitsa kwa munthu mmodzi mpaka mvula yoyamba. Ankadzidziwa okha kuti njala ikafika, manja sachedwa kuyabwa.

Chaka china udindowu unagwera Nangondo, mayi wamasiye wa mwana mmodzi, kamtsikana kotchedwa Dziwenji.

"Mwavomera, mayi?" anthu anamufunsa.

"Ndavomera."

Tsono chaka chimenecho zokolola zinali zochepa, ndipo mvula inachedwa. Nkhokwe zinauma. Dziwenji anawonda mpaka nthiti kuwerengeka.

"Amayi, m'mitsukomu muli chakudya," anatero mwanayo.

"Si chathu, mwanawe. Tikadya, mudzi wonse udzala chiyani?"

Nangondo anapita kwa mlenje. "Odi, bambo. Kafupa kokha, mwana akamwe msuzi."

Mlenje anaseka. "Inu kupempha? Munthu wogona ndi mitsuko yodzaza?"

Anapita kwa mayi woumba mbiya. "Anzanga, timadeya tokha."

"Musatipusitse. Mbuzi imadya pomwe aimangirira."

Anapita kwa mlamu wake, m'bale weniweni wa malemu mwamuna wake. Mlamuyo anatuluka akupukuta pakamwa. "Mlamu, ife ndiye tizibwera kwa inu," anatero, ndipo anatseka chitseko.

Mukuona, ana inu? Aliyense ankayesa Nangondo ndi mtima wake. Ankati popeza iwo akanatapako, nayenso akutapa.

Nangondo anakumba mizu, anaphika masamba owawa. Mwanayo anakanika kumeza. M'mawa wina mayiyo anagwira mtsuko umodzi, mwala uli m'manja. Anayang'ana mwana, anayang'ana dongo, analira. Anaganiza kuti mitambo yayandikira, mwanayo apirira tsiku limodzi. Tsono anautaya mwala uja.

Dziwenji sanapirire. Anamwalira dzuwa lili pamutu. Ine nkhani imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikafika pamenepa.

Patapita masiku atatu mvula inagwa. Anthu anathamangira kwa Nangondo kukatenga mbewu, ena akunong'onezana kuti akapeza theka. Anatulutsa mitsuko pabwalo. Dongo linali losasweka, zala za eni ake zikuonekabe pomwe anamata. Anatsegula woyamba, wodzaza. Wachiwiri, wodzaza. Yonse inali yodzaza mpaka m'khosi.

Mlenje anawerama. Woumba mbiya anadziphimba kumaso ndi nsalu. Mlamu uja anagwada m'matope.

"Mlamu, bwanji simunatapeko ngakhale dzanja limodzi?"

Nangondo anamuyang'ana. "Ine zanu ndakusungirani," anatero. "Nanga wanga anandisungira ndani?"

Anthu anadzala, ndipo mapira anabereka kuposa zaka zonse. Anthu anatuta madengu kukatula pakhomo pa Nangondo, koma anapeza nyumba yotseka. Nangondo anali atabwerera kwawo, ndipo sanalaweko ngakhale njere imodzi.

Tsono imvani, ana inu. Udindo ndi chinthu chimene umachita chifukwa unavomera ndipo anthu akukudalira, ngakhale chikuwawa. Koma udindo sukhala mbali imodzi. Ukamusenzetsa mnzako katundu wa mudzi, nawe uli ndi wako: kumuyendera, kumufunsa ngati wadya, ndi kumukhulupirira akati sanadye.

Yanga nthano yathera pamenepo.