Nyani Afuna Msana wa Munthu

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mukunamizira kusamverako, padali Nsabwe.

Nsabweyo ankakhala mu msoko wa nsalu ya mayi wina, dzina lake Nangozo. Mu msokomo ndimo adabadwira, ndimonso adaikira mazira ake. Munda wake, chitsime chake, msewu wake, zonse zidali pamsana pa Nangozo. Sekani ndithu, koma padalibe sing'anga wodziwa msana wa munthu kuposa iye. Ena amangouona ndi maso. Iye adauyenda ndi miyendo isanu ndi umodzi.

Tsiku lina m'mawa Nangozo adatsikira kumtsinje kukasamba. Adakulunga chimanga chootcha mu nsalu ija, naiika pathanthwe. Nyani adali pamtengo, maso ndwii. Mayi atangotembenuka, iye tsomphu! Ulendo wa kuphiri, nsalu kukamwa.

Chimanga adadya yekha, mkazi wake akungomeza malovu pambali. Atatha adayamba kufufuza nyenyeswa m'misoko, ndipo m'menemo adatola Nsabwe, namupana pakati pa zala ziwiri.

"Ndiwo zabwera mochedwa," adatero Nyani, "koma zabwera."

Nsabwe adaona mano achikasu, naganiza za mazira ake. Koma mawu adawatulutsa ozizira.

"Wawa achikulire. Ndidyeni, palibe mlandu. Kungoti ine ndine kadontho, pakhosi simundimva n'komwe. Zimene ndikudziwazi ndiye zingakukhutitseni mpaka mvula ina."

"Ungadziwe chiyani iwe, kanthu kopanda ndi mchira womwe?"

"Ndimadziwa chimene chimaimika munthu chilili."

Apo Nyani adatseka pakamwa. Nkhani imeneyi idali chilonda chake. Iye akalowa m'munda amatuluka ndi chimanga chiwiri chokha, china kukamwa, china m'khwapa, akuthawa ndi miyendo itatu. Koma munthu! Dengu pamutu, mwana kumbuyo, khasu m'manja, n'kumapatsanso moni anthu m'njira.

"Nena."

"Yambani mwandimasula."

"Yamba wanena."

"Tikumane pakati, achikulire. Chotsani chala chimodzi, chinacho chikhale."

Nyani adaona ngati wapambana malonda, nachotsa chala chimodzi. Nsabwe adapuma. Inu nonse mukudziwa zimene chala chimodzi sichichita.

"Msana wa munthu ndi dziko," adayamba Nsabwe. "Ukachoka pankhongo kutsikira kuchiuno umayenda m'ngalande. Uku mzere wa mnofu, uku mzere wa mnofu, yaitali, yolimba ngati mizere ya mlimi wakhama. Munthu akawerama ndi khasu, mizereyo imakungika pansi pa mapazi anga, nga nga nga. Akamadzuka, ndi yomweyo imamukoka. Pamwamba pake pali minofu ina yotambalala ngati nsalu yoyanika. Wina umachoka kunkhongo kukagwira mapewa, wina umachoka m'chiuno kukalowa m'khwapa. Ndi imeneyo imatsitsa munsi mumtondo."

"Nanga mzati wake?" adafunsa Nyani. "Nyumba siima popanda mzati."

"Mzati mulibe."

"Bodza!"

"M'ngalandemo muli timiyala ta mafupa, tondondozana ngati mikanda. Ndatiponda, ndatiwerenga. M'khosi tisanu ndi tiwiri. Pachifuwa khumi ndi tiwiri, kalikonse kagwira nthiti uku ndi uku. M'chiuno tisanu, tonenepa, chifukwa ndito tisenza anzake onse. Pansi pake pali fupa lophwatalala lokhazikika pakati pa chiuno, ndipo kunsonga kwenikweni kuli kamchira."

"Mchira? Munthu?"

"Kakang'ono, kobisa. Samakatchula pagulu."

Nyani adaseka mpaka misozi. Koma mkazi wake adasendera pafupi, makutu tcheru.

"Chodabwitsa sichinafike," adatero Nsabwe, ndipo apa mawu ake adatsika, chifukwa ngakhale iye, wobadwira pomwepo, sadazolowere. "Pakati pa fupa ndi fupa pali nkhata. Inde, nkhata, yofewa, yonyowa. Munthu amaika nkhata imodzi pamutu posenza mtsuko, osadziwa kuti m'kati mwake wasenza nkhata zoposa makumi awiri. Fupa lililonse limamangidwa kwa linzake ndi timinofu tating'ono ngati luzi. Lililonse limapendeka pang'ono pokha, koma onse akapendeka pamodzi, munthu amatola singano pansi. Ndipo m'kati mwa mafupawo mudutsa chingwe choyera chochokera kumutu, chonyamula mauthenga. Ine ndikangoboola chitsime pansi pa phewa, mutu wamva kale, dzanja lili m'njira. Mzere wonsewo si wowongoka ayi. Umalowa pakhosi, umatuluka pamapewa, umalowanso pachiuno, khotekhote ngati mtsinje. Ndipo ndi kukhotako kumene kumaimika munthu njo."

Mkazi wa Nyani adagwira pakamwa. "Kalanga ine! Adaluka zimenezi ndani?"

Koma Nyani nkhope idachita tsinya.

"Iwe, ukundiyesa mwana? Timikanda, tinkhata, tiluzi, zokhotakhota! Zimenezo ndili nazo kale, n'chifukwa chake ndimayenda chowerama. Wandibisira weniweni. Ine ndikufuna msana wa fupa limodzi, wowongoka, wosagonja. Woti ndisenze munda wonse."

Nsabwe adali atanena zoona zokhazokha, ndipo zoonazo zidakanidwa. Adaona chala chachiwiri chikubwerera. Tsono mverani, ana inu: wogula akakana chabwino n'kuumirira chake cha m'mutu, wogulitsa wanzeru salimbana naye. Amangomuthandiza kusenza.

"Aa, mwandigwira," adatero Nsabwe, mutu zyoli. "Umenewo ulipodi. Koma si wa aliyense. Ngakhale munthu adaulephera."

"Ndiye ndi wanga!"

"Ndi wolemera, achikulire. Tengani wokhotawu, ndi wokwanira."

"Ndati ndi wanga!"

"Chabwino. Kaduleni nsungwi yokhwima, yaitali kuposa inu, ndi luzi lambiri."

Nyani adadula nsungwi, adasenda luzi, naitana mkazi wake kuti amumange.

"Abambo, mwaganiza bwino?" adafunsa mkazi. "Mudzakanda bwanji?"

"Wolemera sadzikanda yekha. Manga!"

Mkazi adamanga pamphumi. Manga! Adamanga pachifuwa. Manga! Adamanga m'chiuno, adamanga ndi mchira womwe.

"Nanga minofu yotambalala ija?" adakumbutsa Nsabwe. "Mapewa ayenera kugwirana ndi msana."

Mkazi adakokera mapewa kumbuyo, namanga mikono mpaka m'zigongono, nga nga nga. Pomaliza adapinda nsalu ya Nangozo kukhala nkhata, naiika pamutu pa mwamuna wake, atabwezera Nsabwe mu msoko momwemo.

"Upita nane," Nyani adauza Nsabwe. "Ukakhala wanama, ndikuswa."

Kenaka adadzuka. Adadzuka ndithu! Njo, ngati mtengo wa mbendera. Mbalame zidaleka kuimba. Agulugufe adaima m'malere. Nsabwe yemwe, ali pamwambapo, adaona dziko lonse lili tambalale, ndipo pang'ono akadakhulupirira bodza lake lomwe.

Nyani adatsika phiri dzandidzandi, dzandidzandi, mpaka kumunda kwa Nangozo, umene udali pamtsetse, m'mbali mwa thanthwe lalikulu loterera. Pachilindo adapeza dengu. Mkazi adamusenzetsa, nayamba kuthyola chimanga.

"Ladzaza, abambo."

"Onjeza!"

"Lasefukira."

"Onjeza! Msana uwu ndi wa fupa limodzi!"

Chimanga chimodzi chidagubuduka pamwamba pa mulu, n'kugwera pafupi ndi phazi lake, phi.

Chimodzi chokha. Pamutu padali dengu lathunthu. Wina aliyense akadachisiya. Koma Nyani adachiyang'ana ndi ngodya ya diso, poti khosi silinkatembenuka, ndipo mtima udamuwawa ngati wataya mwana.

"Chisiyeni, achikulire," adatero Nsabwe. "Ndi chaching'ono."

Ankamudziwa Nyani: kumuletsa ndiko kumutuma.

Nyani adayesa kuwerama. Nsungwi idakana. Adayesa kutambasula dzanja. Luzi lidakana. Nthawi yomweyo kumusi kwa munda galu adauwa, ndipo mawu a Nangozo adamveka: "Anyani m'munda! Gwira, gwira!"

Mkazi wa Nyani adagwetsa manja pansi, liwiro la miyendo inayi, psiti. Nyani naye adafuna miyendo yake inayi, koma iwiri idali yomangidwa kumsana wa ulemerero. Adapenda kutsogolo, adapenda kumbuyo, thupi lonse pamodzi ngati mtengo wodulidwa. Dengu uko! Iye khu, chokhala, pathanthwe loterera lija. Mchira thyo! Ndipo adatsetsereka, ana inu, adatsetsereka ndi pokhalira, kweee, utsi uli tolotolo, mpaka kukagwera m'ziyangoyango kumusi, kumene luzi lidaduka.

Nkhata idagubuduka, n'kukaima pamapazi a Nangozo.

Nsabwe adasuzumira mu msoko. Moyo wake wonse msanawo adauyenda pamwamba, koma adali asanauonepo ali patali. Tsiku limenelo adauona. Nangozo, mwana ali kumbuyo, adawerama. Khosi lidayamba, mapewa adatsatira, fupa kupatsira linzake, fupa kupatsira linzake, mpaka zala zidafika pansi. Mwana sadadzuke n'komwe. Kenaka mizere iwiri ija idakungika, ndipo mayi adakwera mwakachetechete monga utsi ukwerera m'mawa kopanda mphepo.

"Ha, nsalu yanga!" adatero Nangozo. "Ndipo andikololeranso chimanga. Aganyu otere ndiwapeza kuti?"

Adaikutumula nsaluyo, phuphu, Nsabwe atagwira mazira ake zolimba, naiponya paphewa. Adatolera chimanga chonse m'dengu, ndi chimodzi chija chomwe, nalikweza pamutu. Asanafike kunyumba adayamba kudzikanda pansi pa phewa. Kumeneko kudali kuthokoza kwa Nsabwe, poti aliyense amathokoza ndi chimene ali nacho.

Kuyambira tsiku limenelo mchira wa Nyani ndi wothyoka patsinde, ndipo pokhalira pake ubweya sudamerenso. Mukawaona anyani atakhala padzuwa, wina akufufuza m'ubweya wa mnzake, tola, yang'ana, ponya m'kamwa, musati ndi chikondi. Akufunafuna Nsabwe, ndipo masiku ano samulolanso kuyamba wanena.

Tsono inu ana, agogo anu aamuna akakuitanani kuti muwakande kumsana, musanyinyirike. Yendetsani chala m'ngalandemo, muwerenge timiyalato, mudziwe chimene mwasenza. Ndipo inu akuluakulu amene mumadzitama kuti simuweramira munthu, palibe mlandu, imani njo. Kungoti chanu chikagwa pansi, chitola ndi wina.

Nthano yanga ndaitula apa. Wotha kuwerama aitole.